Korali Yathu Inatha m'Masiku Awiri

Anthu ambiri akaona korali amaganiza kuti ni mwala kapena duwa. Ni nyama. Timatupi ting'onoting'ono tambirimbiri timakhala pamodzi pa cigoba ca laimu cimene tinamanga tokha, ndipo mkati mwake muli ndere zimene zimatipatsa cakudya ndi mtundu kukakhala kuwala. Ife, ana a Lusaka okhala m'kafulati ku Johannesburg, kutali ndi nyanja, tinasunga korali ya mtundu wa Acropora zaka zitatu. Madzi tinali kusakaniza tekha, magalamu 35 a mcere wa m'nyanja pa lita imodzi, kutentha madigiri 25. Inayamba ngati kacala, inakula kufika pa dzanja lotambasula.

Matenda amene anaigwira, osunga makorali amawacha RTN. Amasiyana ndi kuyera kumene kumabwera madzi akatentha kwambiri. Pa kuyera kuja ndere ndizo zimacoka, nyama ikali moyo ndipo ingacire. Ndi RTN mnofu weniweni umasupuka, kuyambira pansi kukwera kunsonga, n'kumayandama m'madzi ngati tunsanza. Cotsala ni cigoba coyera mbee. Akatswiri amaganizira mabakiteriya monga Vibrio, makamaka korali ikafooka cifukwa madzi asintha mwadzidzidzi.

Cocita cimakhala cimodzi: kudula nthambi zamoyo pamwamba pa mzere woyera, kuziviika m'madzi a ayodini, n'kuzimata pa tumiyala kutali ndi mai wake. Tinadula zisanu usiku umenewo. Pofika tsiku laciwiri zonse zinali zitayera.

Anzathu ena anaseka. “Mulira mwala?” Koma cinthu cimene mwacipimira madzi mlungu uliwonse, cimene mumacidera nkhawa magetsi akapita, cikafa m'nyumba mumamveka zii.

Miyezi ingapo matenda asanabwere, tinali titathyola kanthambi kamodzi n'kupatsa mnzathu amene anali kuyamba tanki yake. Korali imakula kucokera ku kanthambi monga cinangwa, ndipo kanthambiko si mwana kapena m'bale, ni nyama imodzimodziyo. Manje kali m'tanki yake, kobiriwira, kakuphuka nsonga zatsopano. Watiuza kuti tanki yathu ikakhazikika adzatidulira.

Akuluakulu anati kupatsa n'kuika. Ngati muli ndi camoyo cimene mumacikonda, kaya ni korali, kaya ni mbeu ya cimanga ca makolo imene ambuya anakusiyirani, musacisunge pamalo amodzi. Gawirankoni wina cikali bwino.