Qur'an yolembedwa pamanja mu Mzikiti wa Auwal



Ramadhan ya chaka chatha inatipeza ku Cape Town, komwe tinapita kukaona achibale ogwira ntchito kumeneko. Tsiku lina nthawi ya Dhuhr itayandikira, anatitengera ku Bo-Kaap, dera la nyumba zopakidwa penti wowala m'munsi mwa phiri la Signal Hill. Kumeneko, mumsewu wa Dorp, muli Mzikiti wa Auwal, woyamba mu South Africa monse, womwe unakhazikitsidwa mu 1794.

Si mzikiti waukulu, mlendo atha kuupitirira osadziwa. Tinapanga wudhu, tinaswali, kenako tinaima pa bokosi lagalasi momwe amasungiramo Qur'an yolembedwa pamanja.

Anailemba ndi Imam Abdullah ibn Qadi Abdus Salaam, yemwe anthu akumeneko amamutcha Tuan Guru. Kwawo kunali ku Tidore, m'dziko lomwe lero ndi Indonesia. Mu 1780 atsamunda achi Dutch anamubweretsa ku Cape ngati mkaidi ndipo anamutsekera pachilumba cha Robben, pomwe Nelson Mandela anadzamangidwanso patapita zaka zambiri. Kutali ndi kwawo, iye analemba Qur'an kuchokera pamtima. Atatuluka anatsegula madrasa mu 1793, ndipo ambiri mwa ophunzira ake anali akapolo ndi ena omasulidwa ku ukapolo. Nthawi imeneyo Asilamu sankaloledwa kupembedza poyera, mpaka 1804.

Titaima pamenepo manyazi anatigwira. Ife aphunzitsi a madrasa timakonda kudandaula: mabuku ndi ochepa, denga likudontha, makolo sakupereka kanthu, ana akafika Fomu 2 amasiya kubwera. Zonsezi ndi zoona. Koma funso lomwe linatibaya silinali lokhudza ana ayi. Atatilanda msahafu lero, ifeyo tingalembe masamba angati? Tinadziyesa chamumtima ndi surah ina yomwe tinailoweza tili ndi zaka 15. Tisanafike pakati, ma ayah anayamba kusokonekera. Kwa zaka zambiri takhala tikumvetsera ana akuwerenga, maso athu ali m'buku, osazindikira kuti zathu zikutha pang'onopang'ono ngati madzi mumtsuko wong'aluka.

Titabwerera kumudzi tinasintha chinthu chimodzi. Ikatha Fajr, tisanamvetsere mwana aliyense, timayamba ifeyo kuwerenga tsamba limodzi pamtima, wophunzira wamkulu atagwira msahafu kuti atikonze. Tsiku loyamba anatikonza katatu, anzake n'kumaseka mobisa. Chodabwitsa n'chakuti kuyambira pamenepo ana omwe ankathawa tsiku lobwereza anayamba kubwera, chifukwa anaona kuti kuiwala si mlandu, mlandu ndi kusabwereza.

Makolo, m'mwezi uno mukamaliza futari, mupatseni mwana wanu msahafu kuti akumvetsereni inuyo, ngakhale ndi surah yaifupi. Allah amuchitire chifundo Tuan Guru, ndipo aikhazikitse Qur'an m'mitima yathu ndi ya ana athu. Ameen.