Nyale za Zigawozigawo: Umboni wa Mmisiri wa Magetsi wa ku Rumphi

Munthu akamamanga sitolo, kapena nyumba yogona alendo, kapena ofesi yosungitsako ndalama, akafika pa nkhani ya nyale mafunso ake amakhala awiri okha, lakuti nyaleyo idzawala motani ndi lakuti igulidwa ndalama zingati. Koma ife amisiri a magetsi, amene tameretsa imvi tikukwera makwerero m'masitolo a pa Boma la Rumphi, ku Bolero, ku Mhuju ndi kutsikira kunyanja ku Chiweta, tili ndi funso lachitatu limene mwini nyumba salifunsa kawirikawiri, ndilo lakuti: tsiku limene nyaleyi idzafa, pakuti kufa idzafa ndithu, adzaikonza ndani, ndi chipangizo chochokera kuti, ndipo malonda adzaima nthawi yaitali bwanji? Funso limeneli ndilo landitembenuza mtima, ine pamodzi ndi anzanga ambiri a ntchitoyi, kuti m'nyumba zamalonda tizikonda kuikamo nyale zimene zimabwera m'zigawozigawo, zolumikizika ndi kumasulika popanda kudula waya.

Sitili alendo pa zamagetsi ife a dziko lino la mapiri. Pamene Dotolo Robert Laws anasamutsira mishoni ya Livingstonia pa phiri la Khondowe m'chaka cha 1894, sanakhutire ndi kumanga sukulu ndi chipatala chokha, koma anakola mphamvu ya madzi a ku Manchewe, kotero kuti pofika 1905 nyale zamagetsi zinali kuwala pa Khondowe, pa nthawi imene dziko lonse lozungulira linali kuunikidwa ndi nsakali ndi moto wa pabwalo. Amisiri oyambawo anali kutali ndi sitolo iliyonse ya zipangizo, ndipo kanthu kakawonongeka ankadikira sitima ya panyanja ndi amtengatenga okwera nako msewu wa Gorodi. Chifukwa chake anaphunzira msanga kuti makina abwino kwa munthu wakutali ndi amene amatheka kuwamasula ndi kuwakonza pomwepo. Misewu yasintha, galimoto zachuluka, koma phunziro limenelo silinakalambe, pakuti kufikira lero mmisiri wa pa Hewe kapena pa Nchenachena akasowa kachipangizo kakang'ono, ulendo wake ndi wa ku Mzuzu, ndipo ndalama ya ulendo imaposa mtengo wa kachipangizoko.

Pamene ndinkaphunzira ntchito, nyale ya m'sitolo inali chubu chachitali choyera, chokhala ndi choki ndi sitata. Chinali ndi zovuta zake: chinkaphethira ngati mphamvu yachepa, chinkalira mosalekeza choki ikakalamba, ndipo m'mawa wozizira wa mwezi wa June, mphepo ikamatsika ku Nyika, chinkayamba mwaulesi. Komabe ndiyenera kuchichitira umboni wokoma pa chinthu chimodzi, chakuti chinali cholekanitsika. Chubu chikada m'mapeto tinkasintha chubu, sitata ikafa tinkaipotokola ndi zala ziwiri n'kuikapo ina, ndipo chitsulo chogwira zonsezi chinkakhala padenga zaka zambirimbiri. Kenaka zinabwera nyale za LED, zowala koposa ndiponso zosadya mayunitsi ambiri, ndipo tonse tinazilandira ndi manja awiri; koma zambiri mwa zimene zinasefukira m'misika, zolowera pa chipata cha Songwe kuchokera ku Dar es Salaam ndi kudzaza mabenchi a msika wa Taifa ku Mzuzu, zinali zomatidwa kotheratu, kotero kuti kachinthu kamodzi kakapsa m'kati mwake, nyale yonse inkatsitsidwa ndi kutayidwa kudzala, galasi ndi chitsulo chake zikadali zatsopano. Mtima wa mmisiri umawawa poona zotere, pakuti ndani amataya khasu lonse chifukwa mpini wathyoka?

Tsono nyale za zigawozigawo zinatibwezera nzeru yakale ija, koma m'maonekedwe atsopano. Taonani m'mene zimakhalira. M'ofesi kapena m'sitolo yaikulu masiku ano amapachika siling'i ya timabwalo tofanana, kabwalo kalikonse mamilimita 600 m'litali ndi 600 m'lifupi. Ndipo panelo ya nyale imapangidwa pa muyeso womwewo, kotero kuti mmisiri amangochotsa kabwalo kamodzi ka siling'i n'kugonekapo paneloyo, osaboola, osakhoma msomali. Pamwamba pake, kunja kwa panelo, pamakhala kabokosi kamene timakatcha driver, kamene ntchito yake ndi kulandira mphamvu ya mavoti 230 yochokera ku ESCOM ndi kuisandutsa mphamvu yochepa ndi yodekha imene timiyala towala ta LED timafuna. Kabokosika kamalumikizidwa ku panelo ndi kapulagi kozungulira, ndipo m'ntchito zolongosoka kamalumikizidwanso ku waya wamkulu ndi pulagi yake yokhala ndi loko, yosatheka kuilowetsa mozondoka. Kumene kulibe siling'i, monga m'nyumba zosungiramo fetereza, chimanga kapena khofi wa ku mapiri a Phoka, timayala ngalande yachitsulo imene timaitcha trunking kuchokera kukhoma kufikira kukhoma, mawaya akuyenda m'kati mwake, ndipo nyale zazitali zimakoledwa m'munsi mwake motsatizana, iliyonse yotheka kuikolola ndi kuisunthira pena. Zigawo zake ndi zomwezo paliponse: chowala, chodyetsa mphamvu, cholumikizira ndi chonyamulira, ndipo chilichonse chimafa pachokha ndi kusinthidwa pachokha.

Ndikhalitse pa kabokosi ka driver, chifukwa ndi pamene pagona nkhani yonse kwa ife a kumpoto. Magetsi ambiri a dziko lino amapangidwa kutali kum'mwera pa mtsinje wa Shire, ku Nkula, ku Tedzani ndi ku Kapichira, ndipo ngakhale tili ndi kasiteshoni ka Wovwe m'boma la Karonga, mphamvu yambiri imatifika itayenda mtunda wautali pa mawaya odutsa m'nkhalango ndi m'mapiri. Imatsika madzulo anthu akayatsa zophikira, imathima, ndipo pobwera imabwera nthawi zina ndi ukali. Onjezanipo ziphaliwali za m'dzinja, ndi majenereta ang'onoang'ono amene eni masitolo amayatsa magetsi akathima, monga tinaonera kwa miyezi yambiri namondwe wa Ana atawononga Kapichira mu January 2022. Zonsezi zimagwera pa kabokosi kaja. Ndipo mdani wake wina ndi kutentha, pakuti pakati pa malata ndi siling'i, m'mwezi wa October m'chigwa cha Henga, mpweya umatentha kotero kuti munthu sakhalitsamo, ndipo timigolo ting'onoting'ono tosunga mphamvu m'kati mwa driver timauma pang'onopang'ono kufikira titaleka ntchito. Chimene ndaona ndi maso anga pa zaka zonsezi ndi chakuti nyale ikazima, kawirikawiri timiyala towala timakhala tili bwinobwino, ndipo wakufa amakhala driver. Ngati tsono driver ali panja, womasulika ndi dzanja, ntchito yake ndi ya mphindi zochepa: kukwera, kukankha kabwalo ka siling'i, kuzula wakufayo, kulowetsa wamoyo, ndi kutsika, ogula asanadziwe n'komwe kuti kanthu kanavuta.

Mkulu wina wogulitsa zipangizo zaulimi, amene ndinamuikira nyale m'sitolo yake yatsopano, ataona mtengo pa pepala anagwira pakamwa nati, “Adada, kodi simukuona kuti zija za pamsika n'zotsika mtengo ndi theka?” Ine ndinamuyankha kuti, “Zoona, adada, n'zotsikadi lero. Koma tandiuzani, mwezi umene alimi alandira ndalama za fodya ndipo sitolo yadzaza, mudzalola kuti ndithimitse magetsi onse, ndiyale makwerero pakati pa matumba a fetereza, ndi kuyamba kusenda mawaya pamwamba pa mitu ya makasitomala anu?” Anakhala chete kanthawi, chifukwa wamalonda amadziwa bwino kulemera kwa tsiku limodzi la nyengo yokolola. Pamenepo ndinamuwerengera ndi za mayunitsi: nyale yakale ya machubu anayi a mawati 18 imadya mawati 72, ndipo ndi zimene choki imawononga imafika pa 80 kapena kupitirira, pamene panelo yolowa m'malo mwake imadya pafupifupi 40; chotero nyale 20 zoyaka maola 10 pa tsiku zidya mayunitsi 16 ngati zili zakale, koma 8 okha ngati zili mapanelo. Munthu wogula magetsi a pa mita yolipiriratu safuna kumufotokozera kawiri masamu otere.

Palinso phindu la ife eni ntchito, ndipo sindilibisa. Pa nyumba imene ikumangidwa, wamagetsi ndiye amalowa pomalizira, omanga, okhoma denga ndi opaka penti atadya kale masiku onse, mwini nyumba atalengeza kale tsiku lotsegulira. Chotero chilichonse chofupikitsa nthawi ya pamakwerero ndi chaulere kwa ife. Kale pa nyale iliyonse tinkasenda mawaya atatu, kuwapota, kuwamanga m'kabokosi ndi masikuluwu, khosi litapindikira kumwamba ndi fumbi likugwera m'maso. Ndipo polumikiza paliponse pamanja ndi pamene pangadzayambire vuto, chifukwa sikuluwu yosamangitsa imatenthetsa waya, ndipo waya wotentha pafupi ndi matabwa ouma a denga ndiye chiyambi cha moto umene umanyeketsa chuma cha moyo wonse usiku umodzi. Pulagi yopangidwa ku fakitale imagwira mofanana nthawi zonse, m'dzanja la mmisiri wotopa madzulo monga m'dzanja la wamphamvu m'mawa. Ndiponso nyumba zamalonda sizikhala chikhalire: lero ndi sitolo ya nsalu, chaka chamawa aigawa pakati, mbali ina mankhwala, mbali ina ofesi yotumizira ndalama pa foni, ndipo pamene khoma latsopano ladula chipinda, panelo imangosamuka kabwalo kamodzi kapena tiwiri, waya wake n'kuitsata. Pa khomo lotulukira ndi pa malo owerengera ndalama timatha kuwonjezera kabatire kamene kamasunga nyale imodzi ili chiyakire magetsi akathima mwadzidzidzi, osasintha kanthu kena konse.

Koma ndikadakhala mboni yonama ndikadati zonse n'zokoma. Akuluakulu anati chikomekome cha mkuyu m'kati muli nyerere, ndipo mapanelo ambiri okongola pa bokosi ali ndi driver wopepuka ngati mulibe kanthu, wolembedwa mawati amene sangawafikire. Choopsa china n'chakuti zigawo za opanga osiyana sizigwirizana nthawi zonse, ngakhale mapulagi ake atafanana maonekedwe. Driver aliyense ali ndi muyeso wake wa mavoti ndi mamiliampu wolembedwa pamsana pake, ndipo woika wa muyeso waukulu pa panelo yofuna wochepa adzaona kuwala kodabwitsa kwa masabata owerengeka, kenaka mdima. Safunsa anadya phula. Kuwala nakonso kuli ndi mitundu: kofiirira kwa 3000K kumene kumayenera chipinda cha alendo ndi malo odyera, kwapakati kwa 4000K kumene ndimakonda m'maofesi, ndi koyera mbee kwa 6500K kumene amalonda ambiri amakufuna, ndipo palibe chonyansa m'maso monga denga limene panelo imodzi yosinthidwa yasiyana mtundu ndi zinzake. Ndiponso sindiumiriza mayi wa kagolosale ka chipinda chimodzi pa Katowo kugula zonsezi, pakuti kwa iye babu labwino la LED pa chogwirira chake wamba ndi lokwanira, ndipo nalonso limasinthika ndi dzanja limodzi.

Chimene chimandidetsa nkhawa koposa ndi anyamata athu. Amabwera kuchokera ku sukulu za ntchito zamanja, ku Livingstonia, ku Phwezi ndi kwina kumene TEVETA imayang'anira, ali ndi manja ofulumira ndi mitu yabwino. Koma chifukwa kulumikiza kwapepuka, ena amayesa kuti ntchito yonse ndi kulowetsa mapulagi, ndipo anthu amene sanaphunzire konse ayamba kudzitcha amisiri. Iai ndithu. Kuseri kwa panelo iliyonse kukadali waya wa mamilimita 1.5 woyenera kuyezedwa, chodulira mphamvu choyenera kusankhidwa molingana ndi katundu wake, waya wa kunthaka woyenera kufika pa chitsulo chilichonse cha trunking, ndi chotchinjiriza ukali wa magetsi choyenera kuikidwa pa bokosi lalikulu logawira mphamvu. Ndipo n'chifukwa chake lamulo limafuna kuti woika mawaya m'nyumba akhale ndi chiphaso cha bungwe la MERA. Wophunzira wanga aliyense ndimayamba ndamusendetsa waya ndi kumuyezetsa ndi mita kufikira dzanja litazolowera, ndipo pambuyo pake m'pamene ndimamulola kugwira panelo.

Ndikatsiriza ntchito m'nyumba yamalonda sindichoka ndisanachite zinthu zingapo zimene ndimazitenga monga mbali ya ntchitoyo. Ndimagula mapanelo onse kwa wopanga mmodzi ndi pa ulendo umodzi, pamodzi ndi madriver angapo apadera, amene ndimawasiya m'manja mwa mwini nyumba m'katoni yolembedwa bwino. Ndimakoleka driver aliyense pa waya wonyamula siling'i kuti asagone pa panelo yotentha kapena m'njira ya makoswe. Ndipo m'kati mwa chitseko cha bokosi logawira mphamvu ndimamata pepala lonena dzina la wopanga, mawati, mamiliampu ndi mtundu wa kuwala, ndi chodulira chimene chimalamulira mzere uliwonse wa nyale, kuti mmisiri amene adzaitanidwe pambuyo panga, kaya ndi wa ku Bolero kaya wa ku Mzuzu, adzadziwe chogula asanakwere minibasi.