Mwana wa Tsitsi Lofiira

Chaka chatha, atatitumiza kukaphunzira ntchito pachipatala china chaboma, ndinapita ndi kanzeru kamene ndinatola pa intaneti. Ndinali nditawerenga kuti anthu a tsitsi lofiira amafunika mankhwala ogonetsa ochulukirapo pa opaleshoni, ndipo ndinkalakalaka mpata woonetsa kuti inenso ndimawerenga.

Mpatawo unapezeka tsiku limene anabweretsa ku fiyeta mwana wazaka 4, amene anali ndi chithupsa chachikulu pantchafu chofunika kutumbula. Tsitsi lake linali lofiirira ndi lopyapyala. Mkulu wogonetsa odwala anamuyeza pasikelo n'kuyamba kuwerengera ketamine. Ine ndinasendera pafupi n'kufunsa chapansipansi kuti, "Bwana, poti tsitsi lakeli ndi lofiira, sitiwonjezerako pang'ono?"

Anandiyang'ana kanthawi, kenako anati, "Mphwanga, tadina phazi lakelo ndi chala." Nditadina, panatsala kadzenje. "Tsitsi limenelo lafiira ndi njala. Mwanayu ndi wotupikana, ndipo sikeloyi yayezera pamodzi ndi madzi. Ukawonjezera mankhwala, amayi akewo ukawauza chiyani?"

Manyazi anandigwira. Madzulo ndinabwerera ku zimene ndinawerenga zija, ndipo ulendo uno ndinawerenga mpaka kumapeto.

Nkhaniyi ili ndi poyambira penipeni. Tsitsi lofiira lobadwa nalo limachokera ku kachidutswa ka chibadwa kotchedwa MC1R, ndipo limapezeka kwambiri ku Scotland ndi ku Ireland. Mu 2004, Edwin Liem ndi anzake pa yunivesite ya Louisville ku America anayerekeza amayi 10 a tsitsi lofiira ndi 10 a tsitsi lakuda, n'kupeza kuti ofiirawo anafunika mpweya wogonetsa wotchedwa desflurane wochulukirapo ndi 19 peresenti. Koma mu 2012, kafukufuku wa ku Australia wa odwala 468 sanapeze kusiyana kumeneku. Komanso desflurane ndi mpweya wopumira, pamene ketamine ndi mankhwala ena, ogwira ntchito muubongo mwanjira yakeyake. Ine ndinatenga zotsatira za amayi 20 a ku Louisville, za mankhwala ena, n'kufuna kuziika pa mwana wodwala njala.

Ketamine anapangidwa mu 1962, ndipo zipatala zathu zimamudalira chifukwa nthawi zambiri wodwala amapitiriza kupuma yekha, ndiponso kuthamanga kwa magazi sikutsika. Pogonetsa munthu kudzera mumtsempha, amapereka mamiligalamu 1 mpaka 2 pa kilogalamu iliyonse ya thupi. Maiko ena amamugwiritsanso ntchito pa matenda ovutika maganizo amene akana mankhwala ena, ndipo kumeneko amapereka theka la miligalamu pa kilogalamu, m'diripu yoyenda mphindi 40. Konseku poyambira ndi sikelo, kenako maso pa wodwala.

Chibadwa chimene chimakhudzadi ketamine sichioneka pamutu. Chili m'chiwindi, mmene enzyme yotchedwa CYP2B6 imaphwanya mankhwalawa. Anthu ambiri a kuno ku Africa anabadwa ndi mtundu wake wogwira ntchito pang'onopang'ono, ndipo n'chifukwa chake mankhwala otalikitsa moyo a efavirenz ankachititsa ena chizungulire ndi maloto oopsa kuposa anzawo. Zimenezi zinali pakhomo panga, ine ndili kalikiliki ndi tsitsi la ku Scotland.

Masabata otsatira ndinayamba kuona china chimene mkulu uja ankachita. Asanabaye munthu wamkulu, ankakhala naye pansi n'kumuuza kuti, "Mayi, mulota maloto achilendo, koma musaope, tili nanu pompano. Ganizirani za kumudzi kwanu." Opaleshoni ikatha ankaletsa phokoso ndi kumugwedeza wodwalayo. Poyamba ndinkayesa ulemu chabe, mpaka ndinaona bambo wina amene anabwera mwadzidzidzi, ali ndi mantha, popanda nthawi yomufotokozera. Anadzuka akukuwa kuti khoma likumugwera, ndipo tinamugwira anthu atatu. Ketamine amamupatula munthu ku zimene zamuzungulira, choncho zimene walowa nazo mumtima zimakula.

Ofufuza a pa yunivesite ya Stanford anaona mbali ina ya zimenezi mu 2023. Anatenga odwala 40 ovutika maganizo amene ankapita ku opaleshoni. Ali mtulo, ena anawapatsa ketamine, ena madzi amchere okha, ndipo palibe wodwala anadziwa chimene walandira. Magulu onse awiri anapeza bwino mofanana, ndipo amene anapeza bwino kwambiri ndi amene ankakhulupirira kuti alandira mankhwala enieniwo. Sizikutanthauza kuti mankhwalawa ndi achabe, kapena kuti wovutika maganizo angolimba mtima. Zikuonetsa kuti chiyembekezo cha wodwala chili nayo ntchito, ndipo mawu athu ndi amene amachikulitsa kapena kuchipha.

Mwana uja analandira mlingo wochepa wowerengedwa mosamala. Anadzuka mwakachetechete amayi ake atamugwira dzanja, ndipo anamupititsa ku wodi ya ana onyentchera. Patapita milungu itatu ndinamupeza atakhala pakhonde akudya chiponde, mapazi ataphwa. Mkulu uja anadutsa, n'kundifunsa ngati ndadina kale phazi. Ndinali nditadina.