Makolo khumi ndi mmodzi

Ndinafika pa Biriwiri Lamlungu madzulo ndi chikwama chimodzi, matiresi okulunga ndi fayilo ya manotsi a zaka zitatu. Minibasi yochokera pa boma la Ntcheu inaima kumanzere kwa msewu wa M1, ndipo kondakitala potsitsa katundu wanga anati, "Sisi, muwoloke msanga. Mukachedwa mbali inoyi akufunsani pasipoti." Anthu anaseka, ine osamva nthabwalayo. Mawa lake ndi pamene ndinadziwa kuti pamenepa msewu umayenda m'malire penipeni: mbali imodzi ndi Malawi, inayo ndi Mozambique, ndipo nkhuku zimadya uku n'kukagona uko.

Ndinabwera kudzachita tichingi pulakatisi, temu imodzi yophunzitsa Chingerezi pa sukulu ina ya sekondale yoyendera m'derali, kuti ndimalize digiri yanga ya uphunzitsi.

Ku yunivesite anatiphunzitsa bwino, ndisaname. Tinali ndi kosi ya njira zophunzitsira chilankhulo, ndipo nkhani ya kalasi ya ana a zilankhulo zosiyanasiyana tinaikambirana mpaka kutopa nayo. Tinaloweza zoti mu 1968 chipani cha MCP chinagamula kuti Chichewa ndi Chingerezi ndizo zilankhulo za dziko, Chitumbuka n'kuchotsedwa m'sukulu ndi pa wailesi. Tinaloweza zoti mu 1996 unduna unalamula kuti ana a Sitandade 1 mpaka 4 aziphunzira m'chilankhulo cha kwawo, kenako lamulo la maphunziro la 2013 linanena kuti chilankhulo chophunzitsira ndi Chingerezi. Tinawerenga Jim Cummins wa ku Canada, amene amati mwana amatha kucheza m'chilankhulo chatsopano pakangopita zaka ziwiri, koma chilankhulo cha m'mabuku ndi pa mayeso chimamutengera zaka zisanu mpaka zisanu ndi ziwiri. Funso limenelo litabwera pa mayeso ndinalikhoza bwino kwambiri.

Koma m'mutu mwanga kalasi yotereyi inali kutali. Inali ku Chitipa, kumene mudzi uliwonse uli ngati uli ndi chilankhulo chake, kapena ku Mangochi, kapena ku Nsanje. Mndandanda utatuluka n'kuona kuti ine ndi wa ku Ntcheu, anzanga anati ndadya zofewa. Angoni a kwa Gomani amalankhula Chichewa. Chingoni chinatsalira m'nyimbo za ngoma, m'mifunda ndi m'mawu olonjera mfumu. Ndiye vuto lichokera kuti?

Anandipatsa Fomu 1, ana opitirira 80 m'chipinda chimodzi, ena atatu pa desiki, ena pansi. Sabata yachiwiri ndinawauza alembe chimangirizo cha mutu wosavuta, "My family". Usiku ndikuchonga ndi tochi ya pa foni ndinapeza kope lina lolembedwa mwaukhondo, zilembo zopendekeka zolumikizana ngati za agogo a mishoni. Chiganizo choyamba chinali chakuti, "I have eleven parents."

Ndinaseka ndekha. Ndinajambula chiganizocho n'kutumiza pa gulu lathu la WhatsApp la anzanga a m'kalasi, nawo anaseka, wina anaika tinkhope tolira ndi chimwemwe tisanu. Kenako ndinatenga bolopeni yofiira n'kulemba m'mbali, "Impossible! See me."

Sanabwere. Ndinachita kufunsa monitala kuti mwini kopeyo ndi uti. Anandilozera mtsikana wamtali wa pakona, wooneka wamkuluko kuposa anzake, amene chifikireni changa anali asanatsegulepo pakamwa. Ukamuloza ankangoimirira n'kuyang'ana pansi mpaka utopa wekha. Mnyamata wina anandiuza mokweza kuti, "Musavutike naye Madamu, ameneyo ndi wa kutsidya." Kalasi inaseka. Ine ndinapitiriza phunziro, chifukwa lesoni pulani inali itanena kuti gawo limenelo ndi la mphindi zisanu.

Loweruka lotsatira ndinapita kumsika kukagula kachewere. Amene munadutsako mukudziwa kuti kuchokera pa Biriwiri mpaka pa Lizulu msewu umakhala ndi ndowa za kachewere, kabichi, tomato ndi anyezi, zambiri zolimidwa kumapiri a Tsangano ndi Angónia. Pambali pa lole ina ndinamva mawu a mtsikana akukangana mtengo ndi dalaivala m'Chipwitikizi, mofulumira, mosaopa, akuwerengera pamtima kuti ndalama za metical zakutizakuti zikhala makwacha angati. Dalaivalayo anagonja. Mtsikanayo anatembenuka kuti andigulitse ine, ndipo anali yemwe uja wa pakona. Atandizindikira mawu onse anathawa. Anangoti, "Madamu," n'kuyang'ana pansi.

Amene anandifotokozera ndi mayi ake aang'ono, eni ake a malondawo. Anandikhazika pa thumba, n'kuyamba nkhani kuchokera kutali monga amachitira akuluakulu. Nthawi ya nkhondo ya Frelimo ndi Renamo, m'zaka za m'ma 1980, banja lawo linathawira mbali ino, pamodzi ndi anthu pafupifupi miliyoni imodzi amene Malawi inawalandira. Mtendere utasainidwa ku Rome mu 1992, ena anabwerera kuminda yawo, ena anali atakwatiwa kuno ndipo anatsala. Iwowa ndi a kuno, akulu awo ndi a uko. Mtsikanayu anabadwira kutsidya ndipo anaphunzira m'Chipwitikizi makalasi asanu. Atamutenga kuti adzakhale nawo, anamubweza m'mbuyo ku pulayimale, n'chifukwa chake ndi wamkulu.

"Koma aphunzitsi, ndikuuzeni zoona," anatero mayiwo. "Yunifolomu ndi ndalama, makope ndi ndalama. Akalephera temu inonso, abwerere akathandize amake kumunda. Pamalonda pano ndiye ndi katswiri, mwaona nokha."

Ndili m'njira ndinatsegula intaneti pa foni, bandulo yanga yomaliza, n'kufufuza liwu limodzi. M'Chipwitikizi "parentes" ndi achibale. Makolo amati "pais". Mwanayo anafuna kunena kuti ali ndi achibale khumi ndi mmodzi, ndipo anatola liwu la Chingerezi lofanana ndi limene ankalidziwa.

Chimene chinandipweteka kwambiri chinabwera pambuyo, nditagona. Ngakhale m'Chichewa changa chomwechi, chiganizo chija sichinali chopusa. Mng'ono wa bambo anga ndi bambo aang'ono. Mkulu wa mayi anga ndi mayi aakulu. Si "uncle" ndi "aunt" ayi, ndi bambo ndi mayi, ndipo ana awo ndi abale anga, osati asuweni. Ine amene ndinaleredwa zaka zinayi ndi mayi aakulu ku Balaka, ndikanawerenga bwinobwino, makolo anga akanakwana asanu ndi awiri. Zilankhulo zake ziwiri zinkagwirizana, Chingerezi chokha ndi chimene chinkakana, ndipo ine ndinaima mbali ya Chingerezi ndi bolopeni yofiira n'kulemba kuti n'zosatheka. Chithunzi chija ndinakachifufuta pa gulu, koma onse anali ataona kale.

Lolemba ndinatenganso makope onse n'kuwawerenga mwa mtundu wina, osati kusaka zolakwa koma kufunsa kuti cholakwa chilichonse chachokera kuti. Anyamata omwe ankamuseka aja ankalemba "My mother he is a farmer", chifukwa m'Chichewa "iye" ndi iye basi, mwamuna kapena mkazi. Mtsikanayu sanaphonyepo "he" ndi "she" ngakhale kamodzi, popeza Chipwitikizi chili ndi "ele" ndi "ela". Anzake ankataya "a" ndi "the" paliponse, poti ife tilibe timawu timeneti, iye ankatiika m'malo mwake. Anzake ankalemba "play" pofuna kunena "pray", chifukwa kwa ife l ndi r ndi liwu limodzi losintha malinga ndi lembo la m'mbuyo mwake. Iye ayi. Ndipo mawu amene ankaopseza kalasi yonse, monga "population", "constitution" ndi "communication", iye ankawamva msanga, chifukwa ndi "população", "constituição" ndi "comunicação" atangovala malaya ena. Chimene chinkamugwetsa ndi timawu tating'ono ta tsiku ndi tsiku, "though", "enough", "get up", "put off", ndi mantha oti akatsegula pakamwa amuseka katchulidwe. Zimene ndinaloweza za Cummins zinali zoona, kungoti mwana uyu analowera khomo la kuseri: chilankhulo cha m'mabuku anali nacho pafupi, cha macheza ndicho chinali kutali.

Pa sukulupo panali lamulo loti m'kati mwa mpanda n'Chingerezi chokhachokha. Monitala ankalemba mayina a olankhula "vernacular", ndipo Lachisanu ankatchetcha udzu. Ngũgĩ wa Thiong'o analemba za chilango chotere cha ku Kenya m'buku lake la 1986, Decolonising the Mind, ndipo ku yunivesite tinapukusa mitu pomva nkhanzazo. Sabata yanga yoyamba ndinasainira ndekha mndandanda wa otchetcha, osaganiza kawiri.

Sindikufuna kunyoza a hedi kapena aphunzitsi anzanga. Lamulo lija lili ndi chifukwa chake. Pa mayeso a MSCE ukhoza kukhoza masamu, sayansi ndi zaulimi, koma ukalephera Chingerezi satifiketi palibe. Ana a sukulu yoyendera ya kumudzi samva Chingerezi kunyumba, kumsika kapena kutchalitchi. Akapanda kuchilankhula pa sukulu, achilankhulira kuti? Makolo nawonso akamalipira amafuna amve mwana akuswa chizungu. Zonsezi ndimazivomera. Chimene ndinaona ndi maso n'chakuti lamulolo silinkabala Chingerezi, linkabala chete. Mwana woopa kutchetcha sankalankhula Chingerezi, ankangosiya kulankhula.

Sabata yachisanu ndi chiwiri kunabwera alekichala kudzandiona ndikuphunzitsa. Ili ndi tsiku limene aliyense wa pa tichingi pulakatisi amalota zoopsa: munthu amakhala kumbuyo ndi fomu, ndipo malikisi ake amalowa pa digiri yako. Pa fomupo panali mzere wa kagwiritsidwe ntchito ka chilankhulo chophunzitsira. Phunziro langa linali la kupanga mayina kuchokera ku aneni, "educate" kukhala "education", ndipo ndinalikonza m'Chingerezi kuyambira moni mpaka kutsanzika.

Linafa m'mphindi khumi zoyamba. Ndikafunsa, maso 160 ankangondiyang'ana. Kunja kunali nkhungu ndi chisanu cha ku Ntcheu chija, koma ine thukuta kamukamu. Ndinaona alekichala akulemba kenakake.

Kaya chinandigwira n'chiyani. Ndinafufuta bolodi n'kujambula mizere itatu. Mu mzere woyamba ndinalemba nsapato, mbatata, kalata. Ndinafunsa m'Chichewa kuti, "Alipo akudziwa kumene mawu awa anachokera?" Phokoso linayamba, poti Madamu alankhula vernacular pamaso pa mlendo. Ndinapita pakona paja n'kumupatsa choko. "Iwe ukudziwa. Tilembere mmene amanenera kutsidya."

Anakhala kaye nthawi yaitali moti ndinayamba kudandaula kuti ndamuchititsanso manyazi. Kenako anadzuka n'kulemba sapato, batata, carta. Wina kumbuyo anati, "Aaa, ndiye kuti timalankhula Chipwitikizi osadziwa?" Ndinalemba "nation" mu mzere wachitatu. Iye analemba "nação". Kalasi inaphulika chifukwa cha kamchira kapansi pa c ndi kanjoka kapamwamba pa a, koma kuseka kwake kunali kwina. Ndinalemba "education", iye "educação". Nditalemba "information" sanadikire. Pa liwu lachisanu ana anali atagwira okha kuti mchira wa "-tion" umasandutsa mneni kukhala dzina, ndipo ankafuula mawu awo, ena olondola, ena opeka.

Kenako manja anayamba kukwera m'malo amene sindinkayembekezera. Mnyamata wina, bambo ake amagwira ntchito pachipata cha malire, anati kwawo ku Rumphi moni amapereka mwakutimwakuti. Mtsikana wina wovala hijabu anati kunyumba amalankhula Chiyao. Wina anakulira ku Johannesburg ndipo anayamba sukulu m'Chizulu, ndipo anati agogo akamaimba ngoma iye amamvako mawu ena amene agogowo sawamva. Milungu isanu ndi iwiri ndinkaphunzitsa kalasi imene ndinkaiyesa ya chilankhulo chimodzi.

Titatuluka alekichala anandiitanira pansi pa mtengo wa bulugamu. Anati, "Mwalankhula Chichewa mphindi 12. Ndawerenga." Pa mzere uja anandichotsera malikisi, ndipo anandionetsa, sanabise. Ndinafuna kuwakumbutsa kuti zogwiritsa ntchito zilankhulo zonse za mwana, zimene akatswiri amazitcha translanguaging, anatiphunzitsa ndi iwo omwe chaka chachitatu. Ndisanayambe anati, "Ndikudziwa zimene mukufuna kunena. Fomu ndi fomu." Kenako anatulutsa foni n'kundipempha kuti bolodi lisafufutidwe, akalijambule kuti akaonetse a chaka chachitatu. Mpaka lero sindidziwa ngati ndikwiye nawo kapena ndiwathokoze.

Milungu yotsalayo ndinkakhala naye mphindi makumi awiri pa nthawi yopuma, iye ndi anzake anayi amene anadzipereka okha. Tinapanga kope la mawu onyenga, ofanana nkhope koma osiyana mtima: "parentes" si "parents", "puxar" ndi kukoka ngakhale amamveka ngati "push", "livraria" ndi sitolo ya mabuku osati "library". Iye ankaphunzitsa anzakewo "he" ndi "she", iwo ankamuphunzitsa "get up" ndi "give up". M'kalasi anayamba kuyankha, mawu otsika, koma kuyankha ndithu. Pa mayeso a temu anakhoza Chingerezi mongodutsa pang'ono. Mayi aang'ono aja ndinakawauza ndekha kumsika. Anati aona temu yamawa, n'kundiwonjezera kachewere m'jumbo.

Tsiku lomaliza anandibweretsera chimangirizo chija atachilembanso, ine osamutuma. Chinayamba motere: "I have two parents and nine relatives." Cholondola ndithu, woyesa aliyense wa ku MANEB akanachonga. Ndinamva ngati ndachotsa anthu asanu ndi anayi m'nyumba mwawo. Ndime yomaliza inali ya mayi a pamsika aja, ndipo analemba kuti, "She is my small mother and she pays for my school."

Bolopeni yofiira inali m'manja. Ndinaiika pansi n'kubwereka pensulo kwa monitala. M'mbali ndinalemba timalemba tating'ono, m'Chichewa, m'kati mwa mpanda wa sukulu: "Pa mayeso udzalembe aunt." Anawerenga, n'kundifunsa ngati afufute chinacho. Ndinati ayi, achisiye.

Minibasi ya ku Ntcheu ndinakwerera mbali ya Malawi. Iye anandinyamulira matiresi mpaka pa siteji, kenako anawoloka msewu kukathandiza kutsitsa matumba.