BOWA NDI MAYINA AKE

Abale anga amene mwaphunzira kuwerenga muli akulu kale, ndifuna kukamba nanu za chinthu chimene muchidziwa kuposa ine, ndicho bowa. Kapena wina adzafunsa kuti, "Kodi mphunzitsi wamkulu wasowa nkhani, kuti alembe za ndiwo?" Ayi, nkhani sindinasowe. Ndalemba chifukwa tsiku lina ine, munthu wa mabuku, ndinatsala pang'ono kugoneka mabanja awiri pamphasa chifukwa cha bowa, ndipo amene anatipulumutsa ndi mayi wokalamba wosadziwa kulemba ngakhale dzina lake.

Kwathu ndi m'dera la Mfumu Nsamala. Pamene ndinali mwana dera limeneli linali m'boma la Machinga, koma m'chaka cha 1998 Balaka anakhala boma payekha, ndipo ife tinagwera m'menemo. Dziko lathu ndi lachigwa ndi lotentha, la milambe, mitsanya ndi zulu zambiri. Ukayang'ana kum'mawa, kutsidya kwa Shire, uona mapiri a Machinga kumene kuli nkhalango ya Liwonde. Muzikumbukira malo awiri amenewa, chigwa ndi phiri, pakuti ali ndi mbali yaikulu m'nkhani yathu.

Tsiku limene ndinachita manyazi

Unali mwezi wa Januwale, ndipo mvula inagwa usiku wonse. M'mawa ndinapeza bowa wamkulu, woyera, atamera mozungulira pa udzu wa pabwalo la mpira. Ndinafuula ngati mwana kuti, "Bowa bwanga!" ndi kudzaza lichero. Mumtima ndinati ndi utale. Theka ndinatumiza kwa mnansi wathu amene ali ndi ana aang'ono, ndipo theka ndinapita nalo kunyumba.

Masiku amenewo mayi anga anali kwathu kudzationa. Anatenga bowa mmodzi, namtembenuza, namnunkhiza, ndipo anafunsa kuti, "Aphunzitsi, bowa uyu mwamzula pachulu chiti?"

Ndinayankha kuti, "Si pachulu ayi, amayi, koma pabwalo."

Iwo anati, "Nanga muzu wake uli kuti? Utale wopanda muzu munauona kuti, mwananga? Taonani kunsi kwake kuno, kwayamba kubiriwira. Uyu si bowa, ndi chirombo."

Thukuta linandigwira. Ndinathamanga wopanda nsapato kunka kwa mnansi uja, ndipo ndinapeza mphika uli pamoto, nsinjiro zili pambali, ana akudikira ndi mbale. Tinataya ndiwo zonse m'dzenje. Ana a sukulu anaona mphunzitsi wamkulu ali kuthamanga chotero, ndipo anaseka sabata yathunthu. Kuseka kwao kunali koyenera, pakuti akulu anati safunsa anadya phula.

Pambuyo pake ndinafufuza m'mabuku, ndipo ndinapeza kuti bowa uja adziwika m'maiko ambiri otentha. Amera pa udzu, ndipo amene wamudya ayamba kusanza ndi kutsegula m'mimba koopsa patapita maola ochepa. Munthu wamkulu angathe kupirira, koma mwana wamng'ono atha madzi m'thupi msanga. Kuyambira tsiku limenelo ndinakhala pansi kuphunzira kwa mayi anga.

Kagawidwe ka amayi athu

Amayi athu agawa zomera zimenezi m'magulu awiri aakulu. Chodyedwa ndicho achitcha bowa, ndipo mtundu uliwonse uli ndi dzina lakelake. Chosadyedwa achitcha chirombo, ndipo kawirikawiri sachipatsa dzina, koma zina zochepa zodabwitsa, monga fodya wa nyani, kampira kaja kamene katulutsa fumbi ukakaponda. Anzathu olankhula Chiyao, amene ali ambiri kuno, bowa amutcha uwasi.

Tsono bowa wodyedwayo amgawanso poyang'ana malo amene amera. Gulu loyamba ndi bowa wa pachulu. M'menemo muli utale, wamkulu ndi wa mnofu wolimba, ndi nyonzwe, wocheperapo, wa kansonga pamutu, womera pamodzi ambiri. Onsewa ali ndi muzu wautali wolowa pansi. Ukakumba mosamala ndi kuutsata, muzuwo ukufikitsa m'nyumba ya chiswe. Chifukwa chake nchakuti chiswe chilima bowa monga ife tilima chimanga. Chituta udzu ndi timitengo, chizitafuna, ndi kumanga nazo zisa m'kati mwa chulu. Pazisapo pamera ulusi woyera wa bowa umene ufewetsa zakudyazo kuti chiswe chithe kudya. Mvula ikagwa, ulusiwo utulutsa bowa kunja. Chotero chulu chitipatsa ndiwo ziwiri, ngumbi ndi bowa. Uyu ndiye bowa wa ife a kuchigwa.

Gulu lachiwiri ndi bowa wa m'nkhalango, womera pansi pa mombo, mchenga ndi msuku. Woyamba kutuluka, cha m'Disembala, ndi ndelema, woyera m'mbali ndi wofiirira pakati, woterera akanyowa, amene atuluka m'kathumba konga dzira. Mvula ikakhazikika abwera manyame, achikasu ndi ofiira, okhala ngati kalipenga, a timizere totsikira kutsinde. Aliponso wina amene atuluka madzi onga mkaka ukamthyola. Bowa wa gulu ili sapezeka pansi pa mitsanya ndi milambe yathu. Nchifukwa chake amayi a kuno akamfuna awoloka Shire, kapena amgula kwa amayi aja amene aika timbale tao m'mbali mwa msewu wochokera ku Liwonde kunka ku Zomba.

Gulu lachitatu ndi bowa wa pazipika ndi pazitsa zoola. Wina akhala ngati khutu la munthu, wina ngati kalichero. Ntchito yake ndi kuoletsa mtengo wakufa kuti ubwerere kunthaka.

Mudziwe kuti mayina amenewa asiyana mudzi ndi mudzi. Dzina limene kuno tipatsa bowa uyu, ku Ntcheu kapena ku Mangochi angathe kulipatsa bowa wina. Ichi sichitanthauza kuti ena alakwa. Chitanthauza kuti munthu akasamukira kwina ayenera kuyambanso kufunsa ngati mlendo.

Kagawidwe ka akatswiri

Akatswiri a sayansi nawonso agawa, koma iwo safunsa ngati chinthu chidyedwa. Afunsa za chibale. M'chaka cha 1753 munthu wa ku Sweden, dzina lake Carl Linnaeus, anakhazikitsa mwambo wopatsa chomera chilichonse mayina awiri a Chilatini. Loyamba likhala ngati mfunda, monga Phiri kapena Banda, ndipo lachiwiri likhala dzina la mwini. Kwa zaka zambiri bowa anali kuwerengedwa pamodzi ndi mitengo ndi udzu. Koma bowa alibe masamba obiriwira, ndipo sangathe kupanga chakudya chake ndi dzuwa monga chichita chimanga. Chotero m'chaka cha 1969 Robert Whittaker wa ku America anamuika m'fuko lakelake, pamodzi ndi chuku chimene chimera pa chimanga chonyowa, ndi isiti yotupitsa buledi. Mitundu ya m'fuko limeneli imene yapatsidwa kale mayina iposa 100,000.

Bowa yense wa pachulu akatswiri amuika mu mfunda umodzi wotchedwa Termitomyces, ndiko kunena kuti bowa wa chiswe. Dzinali analipereka ndi Mfalansa Roger Heim m'chaka cha 1942. Apa muone kuti amayi athu ndi akatswiri agwirizana ndithu, ngakhale sanakumanepo. Mu mfunda womwewu muli bowa wodyedwa wamkulu koposa onse padziko lapansi, amene analembedwa m'mabuku m'chaka cha 1980 atapezeka ku Zambia. Chipewa chake chingathe kufika mita imodzi m'lifupi.

Koma za ndelema pali chinthu choopsa. Mfunda wake ndi Amanita, ndipo mu mfunda umenewu muli bowa wakupha koposa onse. Nayenso atuluka m'kathumba, ndipo ali ndi timizere toyera kunsi, monga ndelema yemwe. Ndi abale a mimba imodzi, wina wodyetsa, wina wakupha. Amene wadya wakuphayo samva kanthu kwa maola 6 kapena kuposa. Kenaka asanza, ndipo patapita tsiku aoneka ngati wachira, pamene chiwindi chili kuonongeka m'kati. Kuphika sikuchotsa poizoni ameneyu, ngakhale kufutsa.

Mngelezi wina, Brian Morris, anayenda m'midzi ya dziko lino kufunsa za bowa, ndipo m'chaka cha 1987 anatulutsa buku lotchedwa Common Mushrooms of Malawi. Mayina a m'zinenero zathu amene ali m'bukumo anachokera kwa anthu a m'midzi, makamaka amayi onga amayi anu ndi anga.

Pali ntchito ina yapafupi ya akatswiri imene ndinachita ndi ana a Sitandade 7, ndipo inunso mungathe kuiyesa. Dulani chipewa cha bowa, muchiike chozondoka kunsi pa pepala, muvundikire ndi kapu, ndipo muchisiye usiku wonse. M'mawa mudzapeza fumbi losalala pa pepalapo. Fumbi limenelo ndiye mbewu za bowa. La bowa wa pachulu likhala lotuwa mofiirira pang'ono, la ndelema likhala loyera, koma la bowa wa pabwalo uja linatuluka lobiriwira, monga momwe mayi anga anaonera ndi maso okha. Komabe ntchito imeneyi ingothandiza kusiyanitsa mitundu. Siuza munthu kuti adye.

Mayeso onama

Pali mawu ena amene timva m'midzi, ndipo ndi onama. Ena ati bowa wodyedwa ndi mphutsi kapena nkhono ndi wabwino. Ayi, tizilombo tidya zimene zipha munthu. Ena ati mpatse galu kapena nkhuku ayambe walawa. Koma poizoni wochedwa uja adzayamba kugwira galu banja lonse litadya kale. Ena ayang'ana kukongola, kuiwala kuti chikomekome cha nkhuyu m'kati muli nyerere.

Lamulo la mayi anga ndi limodzi lokha: bowa amene sudziwa dzina lake usadye. Pozula, muzule ndi tsinde lomwe, kuti muzu kapena kathumba kaoneke. Musasakanize wokayikitsa ndi wodziwika m'dengu limodzi. Ana akabwera ndi bowa, munthu wamkulu wodziwa ayang'ane mmodzimmodzi. Ndipo wina akadwala atadya bowa, mupite naye kuchipatala nthawi yomweyo, mutanyamula bowa wotsalayo, osadikira kuti kuche.

Mtengo ukagwa

Chotsiriza ndicho chindiwawa mtima. Bowa amene timuona ndi chipatso chabe. Thupi lake lenileni ndi ulusi woyera wa m'nthaka. Ulusi wa ndelema ndi manyame ukulunga timizu ta mombo ndi msuku. Mtengo upatsa bowa chakudya, ndipo bowa athandiza mtengo kumwa madzi ndi mchere wa m'nthaka. Chifukwa cha ichi palibe munthu angathe kulima ndelema kapena manyame m'munda, ngakhale mitundu ina ya pazipika ilimidwa m'nyumba pa mapesi a chimanga.

Tsono yang'anani matumba a makala amene atsika m'mapiri aja pa njinga tsiku ndi tsiku. Thumba lililonse ndi mtengo, ndipo pamene mtengo wagwa bowa wake afa nawo. Amayi ogulitsa bowa adandaula kuti tsopano ayenda mtunda wautali kuti adzaze dengu. Kale mayi anga anali kufutsa bowa, kumwanika padzuwa, ndi kumsunga m'chikwatu cha masamba a msuku, kuti tidye ndi nsinjiro m'chilimwe pamene ndiwo zasowa. Ana anga chikwatu sachidziwa. Ndinafunsa ana a kalasi langa kuti atchule mayina a bowa, ndipo ambiri analekera pa awiri. Bowa akasowa dzina lake liiwalika, ndipo dzina likaiwalika mwana adzatola chirombo monga ndinachitira ine.

Nchifukwa chake ndikupemphani inu amene tsopano mudziwa kugwira pensulo. Gulani kabuku kamodzi. Dzinja lino khalani pansi ndi agogo a m'mudzi mwanu, ndipo mulembe dzina la bowa aliyense, mtundu wake, mwezi umene amera, ndi mtengo kapena chulu chimene amera pafupi nacho. Mukatero mudzaonanso mitengo imene siyenera kudulidwa. Kabuku kanga ndinakayamba chaka chomwe chija. Patsamba loyamba pali mawu awa: utale ali ndi muzu. Pansi pake mayi anga anadinda chala chao, pakuti nzeruyo ndi yao.