Malangizo kwa Mwana Wanga Wopita Kukaona Nyama ku Liwonde ndi ku Luangwa

Dedza.

Wokondedwa mwana wanga Naphiri,

Popeza tsopano wamaliza maphunziro ako ndi kupeza ntchito imene ikuchotsa pakhomo pano, ndiponso popeza watiuza kuti usanayambe ntchitoyo iwe ndi anzako mwapangana zoyamba mwakaona nyama zakutchire ku Liwonde ndi kutsidya la malire ku Luangwa, ine ndi amayi ako taona kuti n'kwabwino kuti mawu athu tiwaike papepala, chifukwa zolankhula pa tsiku lonyamuka zimamira m'phokoso la kutsanzikana, pamene zolembedwa ukhoza kuziwerenga modekha uli panjira. Ulendowu takondwera nawo, pakuti n'zomvetsa chisoni kuti alendo azichoka ku London ndi ku Berlin kudzaona chuma chimene Namalenga anaika m'dziko muno, eni akefe tikungochimvera kwa ena. Chimene tikupempha n'chimodzi: upite monga mlendo wodziwa mwambo, amene amakonzeka asanafike pamudzi pa eni, pakuti tchire lili ndi eni ake, aakulu ndi aang'ono, ndipo kawirikawiri amene amavulaza mlendo wosakonzeka ndi aang'onowo.

Uyambe wadziwa kumene ukupita. Nkhalango ya Liwonde, imene inakhazikitsidwa mu 1973 m'mbali mwa mtsinje wa Shire, yakhala m'manja mwa bungwe la African Parks kuyambira mu 2015, ndipo njovu zake zinachuluka kotero kuti mu 2016 ndi 2017 anasamutsa pafupifupi 500, zina za kumeneko zina za ku Majete, n'kupita nazo ku Nkhotakota. Mikango nayo anaibwezera ku Liwonde mu 2018. Nkhalango ya South Luangwa ndi yaikulu kuposa ya Liwonde, masikweya kilomita 9,050, ndipo mukafikako podzera pa Mchinji, Chipata ndi Mfuwe. Nyengo imene mwasankha, ya Seputembala ndi Okutobala, ndi yabwino poona nyama, chifukwa udzu umakhala utauma, mitengo itayoyola masamba, zithaphwi zitaphwa, ndipo chamoyo chilichonse chimatsikira kumtsinje. Komatu walira mvula walira matope, pakuti nyengo yomweyo ndiyo ya dzuwa loswa mtengo, pamene kutentha m'zigwa zimenezi kumafika madigiri 40. Iwe ndiwe mwana wa kumapiri, wakulira m'chisanu cha Dedza, ndipo thupi lako silinayesedwepo ndi kutentha kotere. Malo ogona musungitsiretu, ndipo musachedwe mpaka mvula ya Novembala, imene imasandutsa misewu ya m'makande kukhala matope oti galimoto singadutsemo.

Tsopano tchera khutu, chifukwa zimene nditi ndinenezi ndizo zandilembetsa kalatayi. Mdani wako woyamba ndi udzudzu. Kuno kumtunda malungo sachuluka monga kuchigwa, motero magazi ako sanazolowere kulimbana nawo monga amachitira a munthu wobadwira m'mbali mwa Shire, ndipo malungo akagwira munthu wotere amamugwetsa msanga. Upite kwa dokotala kudakali masabata angapo, umuuze kumene ukupita, kuti akusankhire mankhwala oteteza. Akakupatsa doxycycline, uyambe kumwa kutatsala tsiku limodzi kapena awiri, uzimwa tsiku lililonse utadya ndiponso ndi madzi ambiri, ndipo upitirize masabata 4 utabwerako. Udziwenso kuti mankhwala amenewa amachititsa khungu kupsa msanga ndi dzuwa. Akakupatsa atovaquone-proguanil, upitirize masiku 7 utabwerako. Ambiri amasiya mankhwala tsiku limene afika kwawo, poyesa kuti zoopsa zatsala m'mbuyo, osadziwa kuti tizilombo ta malungo timayamba tabisala m'chiwindi, n'kudzaonekera patapita sabata kapena kuposerapo. Udzudzu wa malungo umaluma kuyambira chisisira mpaka mbandakucha. Chotero dzuwa likamapendeka uvale malaya a manja aatali, buluku lalitali ndi masokosi, udzole mafuta othamangitsa udzudzu okhala ndi DEET, makamaka m'akakolo, ndipo pogona uyang'ane neti yako ndi tochi mbali zonse ngati ilibe pobooka, kenaka uipisire pansi pa matiresi kuzungulira konse, osasiya ngakhale pongolowa chala.

Mdani wachiwiri amayenda masana, ndiye kashembe, ntchentche yoluma mopweteka imene imaboola ngakhale nsalu yopyapyala, imene imatsata galimoto yoyenda, ndipo nthawi zina imapatsira matenda a kaodzera. Ukadzaona nsalu za buluu ndi zakuda zitapachikidwa m'tchire, udziwe kuti ndi misampha ya kashembe, pakuti mitundu imeneyi ndiyo imamukopa. Ndiye chitenje chako cha buluu chija, ngakhale umachikonda, uchisiye m'bokosi. Utenge zovala za mtundu wa dothi, wa udzu wouma kapena wa masamba ofota, za thonje lolimba koma zosathina. Zoyera mbee zimada msanga ndi fumbi ndipo nyama zimazionera patali. Za mawangamawanga zonga za asilikali usazitenge n'komwe, makamaka podutsa malire. Chitenje china cha mtundu wosaonekera chikhale nawe nthawi zonse, chifukwa chidzakutchinga ku fumbi, ndipo utachinyowetsa n'kuchifunda masana chidzakuziziritsa thupi. Usaiwale juzi imodzi, pakuti ulendo woona nyama umayamba kusanache bwino, m'galimoto yosatseka, mphepo ikuomba. Uwonjeze chipewa chotambalala, mafuta oteteza khungu ku dzuwa, nsapato zotseka zimene phazi lako linazizolowera kale, tochi ndi mabatire ake, ndi magalasi oonera patali ngati ungabwereke. Zonsezi zilowe m'chikwama chimodzi chofewa chimene ungachinyamule wekha. M'mawa uliwonse usanavale nsapato uzizigwedeza chozondotsa ndi kuzigogoda pansi, popeza chinkhanira chimakonda kugona m'menemo.

Za madzi ndinene ziwiri. Choyamba, uzimwa ludzu lisanakugwire, pang'onopang'ono tsiku lonse, ndipo akhale owiritsa, othira mankhwala kapena a m'botolo losatsekulidwa. Ukaona mutu ukuwawa ndi mkodzo utafiira, udziwe kuti thupi lauma. Unyamule mapaketi a Thanzi, ndipo akatha, kumbukira muyeso wa amayi ako: lita imodzi ya madzi abwino, masupuni aang'ono 6 a shuga ndi theka la supuni yaing'ono ya mchere. Zipatso uzidya zimene wasenda wekha, ndiwo zikhale zotentha. Chachiwiri, ngakhale kutenthe chotani, usasambe kapena kuviika mapazi mu Shire, mu Luangwa kapena m'dziwe lililonse la m'tchire. Madzi odekha a m'bango ndiwo mokhala nkhono za likodzo, ndipo madzi omwewo amabisa ng'ona, imene imatha kudikira nthawi yaitali pafupi ndi gombe osaonetsa kanthu koma maso ndi mphuno. Pokwera bwato pa Shire manja ako akhale m'kati.

Mapepala ako uwasamale monga ndalama. Chiphaso cha unzika chidzakuthandiza pachipata cha Liwonde, kumene Mmalawi amalipira mtengo wotsika kuposa mlendo wakunja. Pasipoti ndiyo idzakuolotsa pamalire a Mwami, ndipo uonetsetse kuti yatsala ndi miyezi yosachepera 6 isanathe ntchito. Ujambulitse mapepalawa, ena uwasiye kuno, ena uwaike padera m'chikwama. Kwacha ya ku Zambia ndi ina, yathu ndi ina. Usinthe ndalama pamalo ovomerezeka, ndipo usadalire foni yokha, chifukwa m'tchire netiweki imasowa. Ufunsenso za inshulansi ya paulendo yolipira chithandizo cha kuchipatala, pakuti chipatala chachikulu chili kutali ndi misasa ya m'nkhalango.

Ukalowa m'nkhalango, mawu a wokutsogolerani akhale lamulo kwa iwe, ngakhale atakhala wamng'ono kwa iwe m'zaka kapena m'maphunziro, chifukwa iye amawerenga mapazi, mphepo ndi kulira kwa mbalame zimene iwe sunaphunzire. Paja safunsa anadya phula. Usatuluke m'galimoto asanakuloleze, usaimirire, usakuwe, usaitane nyama kuti ikuyang'ane pojambula. Njovu ikaleka kudya, n'kutukula mutu, n'kutambasula makutu, n'kuyamba kupukusa mutu ndi kupalasa fumbi ndi phazi, ikukuuzani kuti mwayandikira kwambiri. Ndipo yoopsa koposa ndi yaikazi yokhala ndi mwana. Misasa yambiri ya ku Luangwa ilibe mpanda, ndipo mvuu, imene masana imaoneka yaulesi m'madzi, usiku imatuluka kukadya msipu podzera m'tinjira take, ndipo tsoka kwa munthu amene aima pakati pa iyo ndi mtsinje. Choncho kukada usayende wekha, ngakhale kuchoka kodyera kupita kogona. Uitane mlonda akuperekeze. Ku Luangwa n'kumene Norman Carr anatchukitsa maulendo oona nyama poyenda pansi. Mukasankha ulendo wotere, muyende mondondozana, mwakachetechete, kumbuyo kwa msilikali wa nyama wonyamula mfuti, ndipo chikachitika chodzidzimutsa usathamange, uchite zimene wauzidwa. Anyani ndi apusi usawapatse chakudya, pakuti nyani wozolowera kupatsidwa amasanduka wolanda, ndipo mapeto ake amaphedwa chifukwa cha chifundo cha alendo. Nyama iliyonse ikakuluma kapena kukukanda, ngakhale galu wa m'mudzi, utsuke bala ndi sopo ndi madzi ambiri, upite kuchipatala tsiku lomwelo poopa chiwewe. Ukapita tsiku lonse osaona mkango kapena kambuku usadandaule ndi kukakamiza woyendetsa kuti achoke mumsewu. Kuona maso a nkhono n'kudekha.

Usaiwale anthu. M'mphepete mwa nkhalango zimenezi muli midzi ya anthu amene njovu zimene iwe ukaziona mokondwa zimawadyera chimanga usiku umodzi wokha. Uwapatse moni mwaulemu, usawajambule osapempha, ndipo ugule kwa iwo zimene amapanga ndi manja awo osawanyozera mtengo. Ku Mfuwe ukapeza Akunda, ndipo Chinyanja chako akachimva bwino. Ophika, ochapa ndi alonda uwathokoze ndi mawu ndiponso ndi kangachepe, pakuti wantchito ayenera mphotho yake. Munthu akakutsatsa kanthu ka mnyanga wa njovu kapena chikopa cha nyama, ukane kwamtuwagalu, chifukwa ndi mlandu waukulu m'maiko onse awiri, ndiponso ndi kugula magazi a chuma cha adzukulu ako. Ukayenda siya phazi, ukasiya mlomo udzakutsata.

Pomaliza, ulendowu sutha tsiku limene wabwerera. Thupi likatentha m'masabata kapena miyezi yotsatira, usanene kuti ndi kutopa chabe. Upite kukayezetsa magazi tsiku lomwelo, ndipo uwauze a chipatala kumene unali, kuti unalumidwa ndi kashembe kapena ayi, ndi kuti unakhudza madzi a mumtsinje kapena ayi. Chizolowezi chimenechi, chokonzekera usananyamuke, chofunsa kwa odziwa ndi cholemekeza eni malo, ukachiphunzira paulendo uno chidzakuthandizanso kuntchito ndi kulikonse kumene moyo udzakutengera tsopano pamene wachoka m'manja mwathu. Utisiyire maina a malo amene mukagone ndi masiku ake, ndipo uzitiimbira foni paliponse pamene yagwira. Amayi ako akuti mankhwala ndi neti yapadera ulongedze poyamba, zina zonse pambuyo. Mulungu amene analenga nyama za m'thengo monga mwa mitundu yake akusunge potuluka ndi polowa, akubwezere kwa ife wamoyo ndi wathanzi.

Ndine bambo wako wokukonda.