Msana wa boti sugwira ndi guluu

Kalipentala wa ku Kasungu amadziwika ndi ngolo, zitseko ndi mitanda ya zigafa. Boti si ntchito imene tinakulira nayo. Koma m'maesiteti ena a fodya muli madamu, ndipo m'madamumo muli maboti ang'onoang'ono, ena ophera nsomba, ena a thanga amene eni ake amakoka ndi galimoto kupita nawo kunyanja akamaliza kugulitsa fodya ku Chinkhoma. Boti lotere likayamba kulowa madzi amaitana ife. Kawirikawiri madziwo amalowera pamzere umene thupi la boti limakumana ndi msana wake, mtanda uja wapansi woyambira kumphuno mpaka kumbuyo. Pa maboti ena a thanga msanawu umakhala ndi chitsulo cholemera, choti mphepo ikakankha thanga boti lisatembenuzike. Nazi zimene mzere umenewu wandiphunzitsa.

Choyamba, ndipo chachikulu kuposa zonse: chogwira msana ndi mabawuti. Mankhwala omatira ntchito yake ndi kutseka madzi basi. Mwini boti amabwera ndi chubu m'manja n'kunena kuti, "Amisiri, mungopakapo apa, mawa tilowa m'madzi." Ine ndimayamba ndakweza boti pamitengo n'kukankha msana ndi phazi cham'mbali. Mzere ukayasamula ngakhale pang'ono, kapena pakatuluka madzi ofiira a dzimbiri, ndimawauza kuti, "Bwana, apa si pomata, tizule bawuti tione." Ndinazulapo bawuti yooneka bwinobwino kumutu, koma pakati, pamene inabisika m'thabwa lonyowa, itadyeka n'kutsala ngati msomali wa mainchesi atatu. Kupaka mankhwala pamwamba pa bawuti yotere n'kubisa matenda, ndipo ine sindilola. Ngakhale kumayiko kumene maboti amapangidwa m'mafakitale, nkhani ya msana saiseweretsa. Mu May 2014 boti la thanga lotchedwa Cheeki Rafiki linathothoka msana pakati pa nyanja ya Atlantic likuchokera ku Antigua kupita ku England. Linatembenuzika, ndipo anthu onse anayi amene analimo sanapezeke.

Chachiwiri, silikoni wa m'mahadiweya, uja timaikira magalasi a mawindo, asayandikire pansi pa boti. Pa thabwa lokhala m'madzi sachedwa kumatuka. Mtundu wonunkha ngati vinega umadyanso zitsulo zina. Koma choipa chake chenicheni n'choti ukamuchotsa amasiya mafuta osaoneka ndi maso, ndipo pamenepo sipagwiranso penti kapena mankhwala ena. Umachita kupala thabwa mpaka litayera. Woyenera pano ndi polyurethane wopangira maboti, monga Sikaflex 291, amene amauma koma n'kukhala wofewa ngati labala. Palinso 3M 5200, wogwira zolimba kwambiri moti tsiku lofuna kuchotsa msana ukhoza kung'amba ndi thabwa lomwe. Ameneyu ndimamuopa pamalo amene ndikudziwa kuti adzafunika kutsegulidwa.

Chachitatu, yang'anani deti pachubu musanalipire. Maboti kuno ndi ochepa, choncho mankhwalawa amagonera pashelufu, ndipo ena amafika atayamba kale kuuma mkati.

Chachinayi, pamalo ponyowa, pa fumbi kapena pa dizilo palibe chimene chimagwira. Madzi a pansi pa boti amakhala atasakanikirana ndi mafuta a injini, ndipo thabwa limamwa zonsezo. Malo abwino oumitsira amene ndawapeza ndi chigafa fodya atachoka: mthunzi ulipo, mphepo ikudutsa mbali zonse, dzuwa silikuwamba matabwa. Kungoti fumbi la Kasungu mu August ndi September silipempha malo. Ukapala m'mawa n'kumata madzulo, mzere umakhala utavala kale dothi lofiira. Ndimapala, kupukuta ndi kumata nthawi imodzi, ndipo mnyamata wondithandiza amawaza madzi pansi kuti fumbi ligone.

Chachisanu ndi cha thabwa lenilenilo, ndipo apa ndipo pali nzeru yambiri. Thabwa limapuma. Mu October, kuno kumtunda, limauma n'kufota. Likalowa m'madzi limafufuma. Guluu wouma gwaa ngati epoxy sayenda nalo limodzi, ndiye ukamuthira m'mpata wa matabwa olimba, chimodzi chimang'aluka, guluu kapena thabwa. Mlombwa suvuta chifukwa sufota kwambiri, koma masiku ano kuupeza n'kovuta, nkhalango zambiri zinapita m'mabalani ndi m'makala. Bulugamu wosauma bwino amapindika n'kutsegula mzere umene unatseka dzulo. Paini wosathira mankhwala amayamba kuwolera pomwe pali bawuti. Amisiri a m'mphepete mwa nyanja ku Nkhotakota, kumene maboti a thanga ankakhomedwa kale m'nthawi ya a Jumbe m'zaka za m'ma 1800, ali ndi njira imene ndimaipatsa ulemu. Amapota thonje kapena chingwe, n'kuchikhomera m'mpata ndi tchizulo chobuntha, kenako n'kupaka phula pamwamba. Ndinaona mkulu wina akukhoma: sayang'ana kwenikweni, amamvetsera. Kulira kwa hamala kukasintha, amasuntha. Boti likalowa m'madzi matabwa amafufuma n'kupana thonje lija, mzere n'kutsekeka wokha. Pa boti la matabwa njira iyi imaposa machubu ambiri odula, ndipo likadontha umalikonza pagombe pompo. Chimene sindichita n'kusakaniza ziwirizi, chifukwa polyurethane pa thabwa lomwa phula sagwira. Usankhe imodzi.

Chachisanu ndi chimodzi, pomanga mabawuti osafinya mankhwala onse kutuluka. Pakati payenera kutsala kansalu kake, apo ayi msana ukagwedezeka sipakhala chotanuka. Mlimi aliyense wa fodya wa m'balani amadziwa kuti polumikizira mapaipi a moto pakatsala kabowo kamodzi, utsi uwononga fodya yense. Bowo la bawuti ndi chimodzimodzi, lililonse lizingidwe ndi mankhwala palokha. Ndimamanga pang'onopang'ono, mosinthanasinthana, n'kudzamaliza mankhwala atagwira, wina atagwira mutu wa bawuti kuti isazungulire n'kung'amba zimene tamata. Ndipo kudikira ndi mbali ya ntchito. 3M 5200 wamba amatha sabata kuti aume bwino, ndipo kunja kukauma mpweya amachedwerapo, popeza mankhwalawa amauma ndi chinyezi cha mumpweya.

Chomaliza ndi msewu. Boti lochoka ku Kasungu kudzera ku Mtunthama ndi Malomo, n'kutsika m'nkhalango ya Nkhotakota pamsewu wa M18, limagwedezeka ulendo wonse, ndipo kulemera kwake kukakhala pamalo olakwika pangolo yokokera, mzere umayamba kutseguka lisanaone madzi. Ndimapempha mwini wake kuti akafika kugombe ayese nati iliyonse ndi sipanala, aliike m'madzi osaya, ligone usiku, m'mawa apase dzanja pansi pa mabawuti. Pakapezeka ponyowa, asakweze thanga, makamaka m'miyezi ya mwera.